Maliro opanda mtembo

Tsiku lomwe anatulutsa mayina a ophunzira osankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede za boma, mwana wa mchemwali wanga anafufuza dzina lake pa foni katatu. Anayamba ndi dzina la bambo ake, kenaka dzina lake lobatizidwa nalo, pomaliza n'kumangotsika mzere ndi mzere mpaka bandulo inamuthera. Dzinalo munalibe. Mtsikanayu anali atakhoza bwino mayeso a Fomu 4, moti anthu oyandikana nawo nyumba anali atayamba kale kumuitana kuti "adokotala". Anali atasala kudya masiku atatu pamodzi ndi anzake a kwaya. Mayi ake, omwe amagulitsa tomato ndi usipa pamsika, anali atagula kale chikwama chachikulu pa kaunjika n'kuchibisa pansi pa bedi, kuti tsiku la ulendo likadzafika mwana asadzasowe poika zovala.

Ine ndinafika chakumadzulo. Ndinamupeza kuseri kwa nyumba atakhala pa ndowa yovundikira, foni ili pansi. Poti ndine malume, komanso mkulu wa mpingo, ndinaona kuti sindingangoima duu. Ndinati, "Usadandaule mwanawe, Mulungu ali nawe cholinga." Sanandiyang'ane n'komwe. Patapita kanthawi anati, "Amalume, nanga cholingacho bwanji akuuza inuyo, mwini wakene osandiuza?" Ndinakhosomola, ndinafunsa ngati mayi ake abwerako kumsika, basi n'kuchokapo. Zomwe ndinanenazo sizinali zabodza ayi. Koma pa Miyambo 25:20 analemba kale za anthu ngati ine: woimbira nyimbo munthu wosweka mtima ali ngati amene akuvula mnzake chofunda tsiku lozizira. Ndinamuvula mwana juzi m'mwezi wa June, ine n'kumaona ngati ndamufunditsa.

Chondidabwitsa n'chakuti kulira timakudziwa bwino ife. Pakagwa zovuta pamudzi, palibe amene amadikira kuuzidwa chochita. Amayi amamanga zitenje n'kukalowa m'nyumba ya siwa, abambo amasonkha moto panja n'kuchezera pomwepo, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu. Wina wabwera ndi ufa m'mbale, wina mtolo wa nkhuni, wina kandalama ka chipepeso. Namfedwa akamalira mokuwa, n'kumafunsa kuti "Mulungu ndakulakwirani chiyani ine", palibe amene amathamangira kutsegula vesi kuti amukonze. Timangomugwira paphewa, kapena kulira naye. Maliro n'kulirana, ndipo pamenepo ndiye sitiphonya.

Koma alipo maliro ena opanda mtembo. Mlimi wakongola ndalama ya feteleza ku banki m'khonde, chimanga n'kumuumira chitangoyamba kutulutsa ngayaye, monga zinachitikira ambiri mu 2024 pamene boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi chifukwa cha ng'amba. Mayi wa geni anagona ali ndi mpamba wokwanira kuoda katundu, n'kudzuka tsiku lina mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mpamba uja usakugulanso zomwe unkagula dzulo. Mtsikana wina chinkhoswe chinachitika, anthu anavina, anafupa, koma ukwati sunachitike. Banja latha zaka 10 likudikira mwana. Mnyamata wabwezedwa kuchokera ku Joni ali ndi jumbo yokha m'manja. Wina digiri ili mu sutikesi, iye akupalasa kabaza. Onsewa aika kanthu m'manda. Koma pakhomo pawo palibe amene amasonkha moto. Chomwe amalandira ndi mawu ofulumira: limba mtima, zimachitika, yamika kuti uli moyo, Mulungu ali nawe cholinga. Ndipo Lamulungu likafika akuyenera kuima pamzere n'kuomba m'manja ngati palibe chachitika.

Ine ndikuti pamenepa tikulakwitsa, ndipo tikulakwitsa motsutsana ndi Baibulo lomwe tanyamula m'khwapalo. Mkhristu wokhumudwa sakusowa munthu womufotokozera maganizo a Mulungu. Akusowa malo olirira, ndi munthu woti akhale naye pansi mpaka mtima ubwerere m'malo. Chiyembekezo chidzabwera, koma chili ndi njira yake, ndipo njirayo siilambalala misozi.

Taganizani za abwenzi atatu a Yobu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari. Timawadziwa ngati otonthoza oipa, komatu anayamba bwino. Pa Yobu 2:13 timamva kuti anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, popanda wolankhula, chifukwa anaona kuti ululu wake unali waukulu. Masiku amenewo anali anansi enieni, ngati athu a pa siwa aja. Zinthu zinasokonekera pamene anatsegula pakamwa kuti alongosole chifukwa chake. Kuyambira mutu 4 kupita m'tsogolo akungomuteteza Mulungu: munthu wosalakwa savutika chotere, fufuza bwino mumtima mwako, mwina ana ako anachimwa. Yobu uko akutemberera tsiku limene anabadwa, akufuna atakumana ndi Mulungu maso ndi maso kuti amufunse mlandu wake. Mukanakhala woweruza, mukanati wolankhula mwaulemu ndi ndani? Koma pa 42:7 Mulungu akuuza Elifazi kuti wamukwiyira iye ndi anzake awiriwo chifukwa sananene zoona za iye monga anachitira mtumiki wake Yobu. Wodandaula uja ndiye amene anauzidwa kuti apempherere alaliki.

Nyimbo za Aisraeli nazo sizinkabisa. Salimo 13 likufunsa kuti "mpaka liti" kanayi m'mavesi awiri oyambirira. Mu Salimo 73, Asafu akuvomera kuti phazi lake linatsala pang'ono kuterereka ataona anthu oipa akunenepa, mpaka kudzifunsa ngati anasunga mtima wake woyera pachabe. Ndani mwa ife sanaganizepo choncho ataona wakuba akumanga nyumba yosanja, iye akukanika kulipira lendi? Salimo 88 ndiye silibwerera n'komwe kukuwala. Limayamba ndi kufuula, limatha ndi mdima, abwenzi onse atatalikira. Palibe "komabe" kumapeto kwake. Anthu amene anasonkhanitsa Masalimo sanalichotse, sanalikonze, analisiya momwemo kuti anthu aziliimba popembedza. Ndipo Yesu ali pamtanda sanatenge vesi lachigonjetso. Anatenga mzere woyamba wa Salimo 22, kufunsa Mulungu chifukwa chimene wamusiyira.

Pakati pa Yeremiya ndi Ezekieli pali kabuku ka mitu 5 komwe m'Chichewa timakatchula kuti Maliro. Amenewa si maliro a munthu mmodzi. Ndi maliro a mzinda wa Yerusalemu, womwe Ababulo anaugumula zaka pafupifupi 586 Khristu asanabadwe, pamodzi ndi Kachisi amene anthu ankakhulupirira kuti sangagwe. Vesi lomwe timalikonda, lija lonena kuti chifundo cha Yehova sichitha ndipo chimaoneka chatsopano m'mawa uliwonse, lili pakatikati pa kabukuka, m'mutu 3. Kutsogolo kwake kuli misozi, kumbuyo kwake kuli misozi, ndipo kabukuka kamatha anthu akufunsabe ngati Mulungu wawataya kotheratu. Ife timazula vesilo ngati duwa n'kulibzala pa kalendala, dothi lake n'kulisiya. Ndiye tikudabwa kuti likufota m'manja mwa munthu amene akuvutika.

Ngakhale amayi a m'Baibulo sankameza mawu. Naomi pobwerera ku Betelehemu, mwamuna ndi ana ake aamuna awiri atawaika m'manda ku Mowabu, anauza anzake kuti asamutchulenso Naomi koma Mara, kutanthauza kuwawa, chifukwa anachoka ali wodzala ndipo Yehova wamubweza chimanjamanja. Marita ndi Mariya, aliyense payekha, anamulandira Yesu ndi mawu amodzimodzi: Ambuye, mukanakhala kuno mlongo wanga sakanafa. Mawuwa akhoza kumveka aulemu, koma m'kati mwake muli funso lakuti, munali kuti? Yesu ankadziwa kuti posachedwa Lazaro atuluka m'manda, komabe sanawauze kuti apukute misozi. Analira nawo. Yohane Mbatizi, yemwe anamuloza Yesu ndi chala chake pa Yorodano, ali m'ndende ya Herode anatuma ophunzira ake kukafunsa ngati iye ndi amene ankayembekezeredwa uja kapena adikire wina. Yesu anamuyankha, kenaka n'kuuza khamu la anthu kuti mwa obadwa mwa akazi sanaoneke wamkulu woposa Yohane. Ndendeyo sinatseguke. Yohane anadulidwa mutu momwemo.

Wina anena kuti, abale, nanga Aisraeli aja sanathere m'chipululu chifukwa chodandaula? Funsoli n'loyenera, ndipo ndinakula ndikuopsezedwa nalo. Koma werengani bwino buku la Numeri. M'mutu 14 anthu akung'ung'udza okhaokha, akuuzana kuti tisankhe mtsogoleri wina tibwerere ku Ejipito. Pa Deuteronomo 1:27 Mose akuwakumbutsa kuti ankang'ung'udza m'mahema mwawo. Tsono bwererani pang'ono pa Numeri 11. Pamenepo wodandaula ndi Mose mwini wake, ndipo mawu ake ndi owawa kuposa a anthuwo: mwandichitiranji choipa chotere, kodi ndinawabala ndine anthu onsewa, ngati zili chonchi ingondiphani. Mulungu sanamulange. Anamupatsa akuluakulu 70 oti amuthandize kusenza katunduyo. Kusiyana kwake kuli pa kumene nkhope yaloza. Anthu aja ankamunena Mulungu kumbali, atamufulatira, maso ali ku Ejipito. Mose ankamuuza Mulungu pamaso. Mwana amene amabwera kwa bambo ake akulira kuti "mwandikhumudwitsa" adakali pakhomo. Woopsa ndi uja amene wangoti zii, akumwetulira pa tebulo, katundu atamanga kale mumtima. Tikamaletsa anthu kudandaula kwa Mulungu, sitikuwachotsera dandaulolo. Tikungowatumiza nalo kuhema.

Apa ndifike pa vesi lomwe ndikuona kuti talizunza kwambiri, Yeremiya 29:11. Lili pa magalasi a minibasi, pa makadi a ukwati, pa WhatsApp m'mawa uliwonse: Mulungu akudziwa malingaliro amene ali nawo pa inu, a mtendere osati a choipa, kuti akupatseni tsogolo ndi chiyembekezo. Ndi mawu okoma, ndipo ndi oona. Koma ndi angati amene amawerenga vesi 10, kapena mutu 28?

Nkhani yake ili chonchi. Mu 597 Khristu asanabadwe, mfumu Nebukadinezara inatenga mfumu Yekoniya, mayi ake, nduna, amisiri ndi osula zitsulo n'kupita nawo ku Babulo. Otsala ku Yerusalemu ankafuna kumva kuti zitha msanga. Ndiye kunadzuka mneneri wina wa ku Gibeoni, dzina lake Hananiya. Anaima m'Kachisi, pamaso pa ansembe ndi anthu onse, n'kunena m'dzina la Yehova kuti zisanathe zaka ziwiri ziwiya za m'Kachisi zibwerera, mfumu ibwerera, akapolo onse abwerera. Yeremiya nthawi imeneyo ankayenda atavala goli la mtengo m'khosi, kusonyeza kuti ukapolo ulipobe. Poyankha anati ameni, Yehova achitedi zimenezo, koma mneneri wolosera mtendere amadziwika mawu ake akakwaniritsidwa. Hananiya anamuvula golilo n'kulithyola anthu akuona. Mukhoza kuganiza nthungululu zomwe zinamveka tsiku limenelo. Yeremiya anangochokapo. Pambuyo pake anabwerera ndi uthenga wakuti m'malo mwa goli la mtengo pabwera la chitsulo, ndiponso kuti Hananiya wachititsa anthu kukhulupirira bodza. Patangotha miyezi iwiri Hananiya anamwalira.

Kalata ya m'mutu 29 inalembedwa kwa anthu amene anali kale ku Babulo, omwe nawonso anali ndi aneneri awo owalonjeza zofulumira. Ndipo uthenga wake unali wowawa kumva: mangani nyumba mukhalemo, limani minda mudye zipatso zake, kwatirani, kwatitsani ana anu, funirani mtendere mzinda umene mwatengedwerako ndipo muziupempherera. Zaka 70 zikadzakwana, m'pamene ndidzakubwezeni. Kenaka m'pamene pakubwera vesi 11 lija. Munthu wa zaka 30 amene anamva kalatayo ikuwerengedwa anawerengetsa zala n'kudziwa kuti Yerusalemu sadzamuonanso. Tsogolo lolonjezedwalo linali la zidzukulu zake. Gawo lake linali kuumba njerwa m'dziko lomwe sanalisankhe ndi kudzala mitengo ya zipatso m'dothi la adani. Chonchotu vesili si lonjezo lakuti zomwe ukufuna zichitika chaka chino. Linalembedwa kwa anthu okhumudwa, kuwauza kuti Mulungu sanawataye ngakhale zomwe akufunazo sizichitika m'masiku awo. Kwa ine limeneli ndi lonjezo lolimba kuposa lija la pa minibasi, chifukwa silisweka mayina akatuluka iwe mulibemo.

Hananiya sanasowe adzukulu. Usiku wa pa 31 December matchalitchi ndi maholo amadzaza, anthu akuuzidwa kuti chaka chikubwerachi ndi chawo: ukwati, viza, galimoto, kukwezedwa pa ntchito, zonse zisanafike pa June. Anthu amavina, amabzala mbewu, ena mpaka ya ngongole. Ndiye October amafika, dzuwa likuswa mtengo, palibe chasintha. Munthu akabwerera kukafunsa, yankho limakhala lokonzeka kale: chikhulupiriro chako n'chochepa, mbewu yako inali yaing'ono, pali tchimo lomwe sunaulule. Mneneri salakwa, wolakwa ndi nkhosa nthawi zonse. Munthu uja anapita ndi katundu mmodzi, akubwerako ndi awiri, kukhumudwa ndi kudziimba mlandu. Sindikunena kuti aliyense wolalikira za madalitso ndi Hananiya. Ndikudziwa abusa amene amayenda wapansi kukaona odwala, osafunsa ndi kobiri lomwe. Ndikunena za uthenga umene umaika tsiku pa zomwe Mulungu sanaike tsiku. Miyambo 13:12 imati chiyembekezo chozengereza chimadwalitsa mtima. Nanga chiyembekezo chogulitsidwa, chokhala ndi deti lomwe ladutsa kale, chimachita chiyani?

Ndipo zikafika poti mbewu yabzalidwa kangapo osamera, chala chimayamba kufunafuna munthu. Azakhali ako anakumanga. Agogo ako akumudzi akhalira mwayi wako. Lamulo lomwe linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma chaka ndi chaka timamva za nkhalamba zomenyedwa, zowotcheredwa nyumba, zina kuphedwa kumene ndi adzukulu awo omwe. Zifukwa zake n'zambiri, koma chimodzi ndi ichi: tawaphunzitsa anthu kuti Mkhristu weniweni salephera, ndiye akalephera payenera kukhala wina amene wachititsa. Sitinawaphunzitse kuti mvula ikhoza kudula popanda wolodza, kuti malo a ku yunivesite ndi ochepa kuposa ana okhoza, kuti ntchito n'zosowa ngakhale kwa opemphera. Chisoni chomwe chasowa polirira chimasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyo umagwera amene alibe mphamvu zodzitetezera.

Nanga Aroma 8:28, paja pakuti zinthu zonse zimagwirira ntchito pamodzi kuwachitira ubwino okonda Mulungu? Nanga Yosefe, amene anauza abale ake kuti iwo anamupangira choipa koma Mulungu anachisandutsa chabwino? Ndimakhulupirira zonsezi, ndipo pa masiku anga ovuta ndi zomwe zandigwira dzanja. Koma taonani nthawi yake ndi mwini mawu. Yosefe anagulitsidwa ali ndi zaka 17. Anaima pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, atadutsa mu ukapolo, m'bodza la mkazi wa Potifara, ndi m'ndende momwe woperekera chikho uja anamuiwala zaka ziwiri zathunthu. Anadziulula kwa abale ake patapita zaka zina 9, akulira mokweza mpaka Aejipito kumva. Mawu otchuka a pa Genesis 50:20 anawanena bambo ake Yakobo atamwalira, ndipo Yakoboyo anakhala ku Ejipito zaka 17. Werengetsani: zaka pafupifupi 40 kuchokera tsiku la m'dzenje lija. Ndiponso anawanena ndi Yosefe mwini wake, woyang'ana m'mbuyo pa zipsera zake. Tayerekezani Yuda ataweramira m'dzenje muja tsiku loyamba n'kunena kuti, "Usadandaule mphwanga, Mulungu ali nawe cholinga." Mawu omwewo, oona omwewo, akanakhala chipongwe. Pali mawu ena amene munthu amayenera kufika powanena yekha. Ukamunenera, wamulanda.

Komanso si onse amene amafika pa mutu 50 wa moyo wawo ali ndi nkhokwe za Ejipito m'manja. Mose anatsogolera anthu zaka 40 n'kuliona dziko la Kanani ali pamwamba pa phiri la Nebo, osalowamo. Davide anafunitsitsa kumanga Kachisi, anauzidwa kuti adzamanga ndi mwana wake. Paulo anapempha katatu kuti minga ya m'thupi mwake ichoke, yankho linali lakuti chisomo chikukwanira, mingayo n'kukhalabe. Ahebri 11, mutu womwe timautcha wa ngwazi za chikhulupiriro, umanena mosabisa kuti onsewa anafa asanalandire zolonjezedwazo, anangoziona patali. Ngati maumboni a m'tchalitchi mwathu ali a okhawo amene zinawayendera, ndiye kuti Mose ndi Paulo sakanapatsidwa maikolofoni.

Tsono tichite chiyani ndi munthu amene wagwa mphwayi? Ine ndimaphunzira kwa mngelo wa pa 1 Mafumu 19. Eliya anali atangogonjetsa aneneri 450 a Baala pa phiri la Karimeli. Moto unatsika, mvula inagwa patatha zaka za chilala, ndipo ayenera kuti ankaganiza kuti dziko lonse litembenuka. M'malo mwake analandira uthenga wa mfumukazi Yezebeli wakuti mawa nthawi ngati yomweyo akhala atafa. Anathawa mpaka ku Beereseba, anasiya mnyamata wake kumeneko, analowa yekha m'chipululu ulendo wa tsiku limodzi, anakhala pansi pa mtengo wa tsanya n'kupempha kuti afe. Kwakwana, Yehova, chotsani moyo wanga. Mngelo atabwera sanamufunse kuti chikhulupiriro cha dzulo chija chapita kuti. Anamukhudza, n'kumuuza kuti adzuke adye. Kumutu kwake kunali mkate wootcha pa makala ndi botolo la madzi. Anadya, anamwa, anagonanso, ndipo anamusiya agone. Kachiwiri, chimodzimodzi: dzuka udye, ulendowu wakukulira. Atafika ku Horebu patatha masiku 40, Mulungu anamufunsa chomwe akuchita kumeneko, ndipo Eliya anakhuthula dandaulo lake lonse. Panadutsa mphepo, chivomezi, moto, kenaka kamawu kakang'ono. Funso lomwe lija linabweranso, Eliya n'kubwereza dandaulo lomwe lija, liwu ndi liwu. Mulungu anamumvera kawiri konse. Atatero m'pamene anamukonza, kuti sali yekha, alipo ena 7,000 amene sanagwadire Baala. Anamupatsa ntchito yoti akachite, ndiponso mnzake woyenda naye, Elisa. Chakudya, tulo, khutu, kenaka choonadi, ntchito ndi bwenzi. Ife timayambira kumapeto, ndipo nthawi zambiri timathera pomwepo.

Pemphero la Eliya lija ndi lomwe abambo ambiri akupemphera chamumtima masiku ano, ngongole ya katapila itawafika pakhosi kapena banja litasokonekera. Tinawalera ndi mawu akuti mwamuna salira, kutchalitchi n'kuwonjezera kuti Mkhristu sadandaula. Atsekeredwa makomo onse awiri. Ndiye timadzadzidzimuka tikamva kuti uje wadzikhweza, chonsecho Lamulungu lapitali anali nafe akutolera chopereka. Munthu akayamba kulankhula zofuna kufa, kapena wasiya kudya ndi kugona kwa masabata, kumupempherera kokha n'kumusiya yekha ndi ulesi wovala jekete lauzimu. Khalani naye, ndipo mupite naye kuchipatala. Ku Zomba kuli chipatala cha matenda a maganizo, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ndipo ngakhale pachipatala chaboma chapafupi akhoza kukulozerani koyenera. Mngelo amene anabweretsa mkate sanachepetse mphamvu ya Mulungu, ndipo namwino sangaichepetse.

Sindikuti munthu amange nyumba pamanda. Ngakhale pa maliro enieni limafika tsiku losesa, anthu n'kubwerera kumunda. Pa njira ya ku Emau, Yesu anawadzudzula ndithu Kleopa ndi mnzake kuti ndi ochedwa kukhulupirira. Koma anayamba wayenda nawo, anawafunsa chomwe chawakwinyitsa nkhope ngati sakudziwa, anawalola kunena mawu owawa aja akuti ife tinkayembekeza kuti iyeyu ndiye adzaombole Israeli. Ndipo anamuzindikira pa chakudya, akunyema mkate. Kudzudzula kuli ndi malo ake, koma ndi kwa amene wayenda nawe mtundawo fumbi n'kumugwira kumapazi.

Kwathu amene anachita bwino ndi agogo ake a mtsikana uja, mayi anga, omwe sukulu anailekezera Sitandade 3 ndipo Baibulo amachita kuwerengeredwa. Anabwera m'mawa mwake ndi thumba la mtedza wosaswa ndi lichero. Sanafunse za mayina. Anayala mphasa kuseri komwe kuja n'kunena kuti, "Bwera kuno iwe, manja angawa atopa, tithandizane." Anaswa mtedza tsiku lonse, nkhani zake za mitengo ya sopo ndi mbuzi ya aneba yomwe yatha masamba m'dimba. Masana anamuphikira futali n'kumuyang'anira mpaka mbale inayera. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu mwana anaphulika. Analira, ananena kuti anasala kudya pachabe, kuti anzake omwe ankaonera mayeso apita iye watsala, kuti sakufunanso kumva za kwaya. Mchemwali wanga anafuna kumuletsa, poopa kuti akuchimwa. Agogo anakweza dzanja. "Musiyeni. Iwe, zimenezo usatiuze ife, sitingakuyankhe. Kamuuze mwini wake, makutu ali nawo." Analowa m'chipinda, anatseka chitseko, ndipo tinkamumva akulankhula mokweza kwa nthawi yaitali. Zomwe ananena sindinazimve bwino, ndipo sindinafunse.

Chaka chotsatira anayesanso, dzina silinatulukenso. Pano akuphunzitsa ana a mkaka pa kasukulu kena kapafupi, madzulo akuphunzira kusoka kwa mayi wina wa mumpingo mwathu. Kukwaya anabwerera patatha miyezi isanu, ngakhale ndaona kuti nyimbo zina amangotsegula pakamwa osatulutsa mawu. Ine ndinapita kukamupepesa chifukwa cha mawu anga a tsiku lija. Anaseka n'kunena kuti, "Amalume, inu ndiye munathawatu." Chikwama chija chikadali pansi pa bedi. Mayi ake akukana kuchigulitsa, mwini wake akuti aziikamo nsalu za makasitomala, ndipo mpaka lero sanagwirizane.